A Wilibala ndi Miimba Khumi ndi Umodzi

Achimwene anga agwira ntchito kunyumba yophera ng'ombe zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, koma pa zaka zonsezo sanaphepo ng'ombe ngakhale imodzi. Ntchito yawo ndi wilibala. Akupha akapha, osenda akasenda, ife otsuka matumbo tikatsuka, zotsala zimene munthu sangagule zimapita mu wilibala yawo: mapapo owonongeka, ndulu, mitsempha, mafuta odetsedwa. Iwo amakankha kutuluka pakhomo lakumbuyo, kutsata ngalande ya madzi ofiira, mpaka kudzenje la kuseri kwa thanki. Pa tsiku amapita ndi kubwera maulendo oposa makumi atatu. N'chifukwa chake dzina lawo lenileni linatayika kalekale. Aliyense amangoti a Wilibala, ngakhale mlamu wanga, mkazi wawo, akapsa mtima amawatchula choncho.

Ine ndine mlongo wawo wamng'ono. Ndinalowa ntchito pamalopa iwo atandilankhulira kwa bwana. Chipinda changa chili ndi mipopi inayi ndi tebulo la simenti, ndipo chinayang'anana ndi khomo lakumbuyo lija. Ndiye zimene ndikunenazi si zakumva. Zina ndinachita nawo ndi manja angawa, ndipo mpaka lero zimandidya mumtima.

Pamene achimwene ankayamba ntchito, miimba kudzenjeko inali yosawerengeka. Amati tayala la wilibala likangolira pakhomo, kumwamba kunkachita kuda. Nthawi imeneyo sankaikonda. Ankaipirikitsa ndi fosholo ngati wina aliyense. Ndipo tisanamizane, muimba si mbalame yoti munthu angaikonde poiona koyamba. Mutu wadazi, khosi lopanda nthenga, kuyenda kwake kodumphadumpha ngati munthu amene nsapato zikumuthina. Koma munthu ukamagwira ntchito wekhawekha, amene umakumana naye m'mawa uliwonse amasanduka mnzako, kaya akhale wonyansa bwanji.

Kenaka inayamba kuchepa. Kuseri kwa mpanda wathu kunamangidwa nyumba zatsopano, ndipo eni ake atatopa ndi agalu osokera anayamba kuthira poizoni m'nyama. Agalu ankafa, miimba n'kudya agaluwo. Mitengo italiitali imene inkamangamo zisa inadulidwa kuti padutse msewu. Ina inkapezeka itapsa pansi pa mawaya a magetsi. Tsono muimba umaikira dzira limodzi lokha pa chaka, ndiye ukafa umodzi, pamatenga nthawi kuti malo ake atsekeke.

Achimwene anayamba kuiwerenga. Ankalemba ndi choko pakhoma la khomo lakumbuyo. Chaka china analemba makumi anayi. Patapita zaka zitatu analemba makumi awiri ndi iwiri. Kenaka khumi ndi umodzi, ndipo nambala imeneyi inakhala pakhomapo zaka zambiri osasintha.

Nthawi imeneyo m'pamene kunabwera mayi wina wofufuza za mbalame, pa galimoto yakale yofuna kukankha. Ife tinkangomuti mayi wa mbalame. Anakhala sabata yathunthu kudzenjeko, mphuno atamanga ndi kansalu, akuveka miimba mphete za manambala m'miyendo. Tsiku lonyamuka anawauza achimwene kuti m'chigawo chathu chonse miimba yotsala inali yomweyo basi. Anawasiyira mapepala a zithunzi ndi nambala yake ya foni, nati:

"Ine ndimabwera kawiri pa chaka. Inu muli pano tsiku lililonse. Anthu akapanda kumva kwa inu, samvanso kwa wina."

Mawu amenewo anawalowa achimwene ngati minga. Munthu amene kale ankatha tsiku lonse osatsegula pakamwa anasanduka mlaliki. Pamalo okwerera basi, miimba. Pamzere wa kuchipatala, miimba. Kometa tsitsi anachita kuwapempha kuti azibwera pa nthawi imene kulibe anthu, chifukwa makasitomala ankathawa tsitsi lili theka. Ankagogoda m'nyumba za kuseri kwa mpanda, mapepala ali m'manja, ovolosi ikununkha ntchito.

"Mayi, muimba supha," ankatero. "Sugwira nkhuku, sugwira mwana. Umangotsuka pamene ife tadetsa. M'mimba mwake ndi ng'anjo, matenda aliwonse akalowamo amapsa. Mukaimaliza miimba, zowola zija adya ndi agalu ndi makoswe, ndipo amenewo amalowa mpaka m'khitchini mwanu."

Ena ankawamvetsera mwaulemu, mawu n'kulowa khutu ili kutulukira linalo. Ena ankawatsekera chitseko pamphuno. Kuntchito anzawo ankawaseka. Wosenda wina ankakonda kunena kuti, "A Wilibala, dazi lanulo likukula, khosi likutalika, chaka chamawa tikuvekani mphete ya nambala." Iwo ankaseka nawo. Ine ndi amene ndinkapsa mtima, moti tsiku lina ndinamumwaza wosendayo madzi a matumbo.

Kunyumba nako sikunali kwa mtendere. Mlamu wanga ndi mkazi wabwino, koma naye ndi munthu. Tsiku lina Lamlungu, tikudya, anaika supuni pansi.

"Bambo a kuno, ana anu mumadziwa kuti ali kalasi yanji? Koma ndikufunseni za nambala seveni, mundiuza ngakhale tsiku limene inathyoka nthenga."

"Inathyoka mwezi wa dzinja," anayankha achimwene, osadziwa kuti akudziwotcha okha.

Tinaseka tonse, ngakhale mlamu yemwe. Koma ine ndinkawaona achimwene akukalamba pa nkhani imeneyi. Zaka zisanu akulankhula, palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera kudzaiona miimbayo. Iwo ankakhulupirira kuti vuto linali pamenepo. Ankati munthu sangamvere chisoni chinthu chimene sanachione. Ankati anthu atangoiona ikutera, mapiko atatambasula, mitima yawo ikanatembenuka. Ndiye anayamba kupita ku ofesi ya nyuzipepala. Tsiku lawo lopuma likafika ankasamba, kuvala jekete, n'kukakhala pabenchi ya panja pa ofesiyo mpaka masana. Anachita zimenezi pafupifupi zaka ziwiri. Pomaliza mtolankhani wina, kaya anawamvera chisoni kaya anangotopa nawo, anawauza kuti abwera ndi kamera Lachiwiri m'mawa.

Tsoka silinunkha. Sabata imeneyo mvula inaononga msewu, ndipo magalimoto a ng'ombe sanafike. Lolemba tinapha ng'ombe zinayi zokha. Zotsala zake sizinadzaze ngakhale wilibala ziwiri. Miimba, poona kuti kudzenje kwauma, inali itayamba kale kupita kutali kukasaka, ndipo inkangobwera iwiri kapena itatu. Achimwene anayenda tsiku lonse nkhope ili pansi.

Pakati pa ng'ombe zinayizo panali ina yaikulu, yonenepa bwino, koma yotsimphina mwendo wakumbuyo. Itasendedwa, woyeza nyama anaiyang'ana pakhosi ndi pantchafu, napeza timabala ta singano tambirimbiri. Mwini wake anali ataibaya jakisoni wochepetsa ululu masiku angapo otsatizana kuti ithe kuimirira ndi kukwera galimoto. Woyeza nyamayo sanachedwe. Anatenga chidindo chofiira n'kudinda.

"Iyi anthu asadye. A Wilibala, itenthedwe lero lomwe."

Kuntchito kwathu zidindo ndi ziwiri. Chabuluu ndiye kuti nyama ipite kumsika. Chofiira ndiye kuti ipite kung'anjo ya njerwa imene ili pafupi ndi dzenje, ikathiridwe dizilo n'kuyatsidwa. Woyatsa ndi achimwene. Pa zaka zawo zonse anali asanaphwanyepo lamulo limeneli.

Chakumasana, anthu atayamba kuweruka, anabwera m'chipinda changa. Anaima pafupi ndi mpopi, akupotokola chipewa.

"Chemwali, tandibwereka mpeni wako waukulu uja."

"Mukachite nawo chiyani?"

Anangoyang'ana kukhomo lakumbuyo, kumene ng'ombe ija inali itaunjikidwa pa simenti.

"Achimwene, imene ija ndi ya chidindo chofiira."

"Chofiira kwa anthu. Kodi miimba ndi anthu? Ng'ombe ija sinadwale n'komwe, ndi mwendo chabe ndi jakisoni. Mbalame imene imadya nyama yowola sabata yathunthu osamva m'mimba ingaope jakisoni? Chemwali, mawa akabwera wa kamera uja n'kupeza miimba iwiri, sabweranso. Zaka ziwiri ndakhala pabenchi paja."

Ndikanati ayi. Pakamwa panga sipachedwa kukana zinthu, afunseni amuna anga. Koma ulaliki wawo uja wa ng'anjo ndinali nditaumva kambirimbiri mpaka unakhala ngati nzeru zanga. Komanso ndinaona maso awo. Ndinatenga mpeni, ndipo sindinangowabwereka, ndinapita nawo. Ine ndi amene ndinachotsa chiwindi ndi impso, chifukwa amati miimba imayamba ndi zofewa. Tinabisa nyamayo pansi pa malata akale kuseri kwa thanki. Mung'anjo tinaponyamo mutu ndi mafupa kuti utsi uoneke.

Lachiwiri kunacha bwino. Achimwene anayala nyama ija pamtetete dzuwa lisanakwere. Mtolankhani anafika mochedwa, akudandaula za matope pa nsapato zake. Tinadikira. Kenaka achimwene analoza kumwamba. Kunali kadontho kamodzi, kenaka tiwiri, kenaka miimba inayamba kutsika mozungulira, mphepo ikulira m'mapiko mwake. Inatera yonse, khumi ndi umodzi. Ngakhale nambala seveni, imene inali itasowa milungu iwiri, inabwera. Mtolankhani anaiwala za nsapato, anagwada m'matope momwemo akujambula. Achimwene ankatchula manambala mmodzimmodzi ngati mphunzitsi woitana mayina, misozi ikutsika. Sindinawaonepo atakondwa chonchija, ngakhale pa ukwati wawo. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Lachinayi nyuzipepala inatuluka. Chithunzi chinatenga theka la tsamba: achimwene atagwira wilibala, kumbuyo kwawo miimba itatambasula mapiko. Pansi pake analemba kuti aliyense wofuna kuona mbalame zimenezi abwere Loweruka m'mawa. Pa wailesi anawerenganso nkhani yomweyo. Bwana anatuluka mu ofesi n'kudzawagwira chanza, chinthu chimene anali asanachitepo. Wosenda wonyoza uja anadula chithunzicho n'kuchimata pakhoma. Mlamu wanga anagula nyuzipepala ziwiri, ina yoti akaonetse kwa amayi ake.

Masana a tsiku lomwelo achimwene anandiitana kuthanki. Pamwamba pake panali muimba umodzi, khosi lili lende, mutu utagwera pachifuwa. Anaomba m'manja. Unadzutsa mutu pang'ono, n'kuugwetsanso.

"Wakhuta," ndinatero ine. "Nanga si unadya ngati pa phwando."

Anangondiyang'ana. Tonse tinkadziwa kuti muimba wokhuta sukhala choncho.

Lachisanu m'mawa anapeza itatu itafa pansi pa thanki. Pofika masana anatola ina inayi m'tchire la m'mbali mwa mpanda. Iwiri inali ikadali moyo, itangokhala pansi, osathawa ngakhale munthu aigwire. Anaiika pamthunzi, akuidonthezera madzi kukamwa ndi kapu yawo ya tiyi. Inafa dzuwa lisanapendeke. Yonse pamodzi isanu ndi inayi. Iwiri yotsalayo sitinaione, tsiku limenelo ngakhale pambuyo pake.

Mayi wa mbalame, amene achimwene anamuimbira foni m'mamawa, anafika madzulo ndithu, atayendetsa galimoto yake ija tsiku lonse. Anapempha tebulo, ine n'kumupatsa langa. Anang'amba muimba umodzi ndi kampeni kake. M'kati monse, pa chiwindi, pa mtima, pa impso, munali zoyera ngati wina wawazamo choko chopera. Anang'amba wachiwiri, chimodzimodzi. Anavula magolovesi pang'onopang'ono.

"Uyu si poizoni wa agalu," anatero. "Impso zinaima. Zimachitika ikadya ng'ombe imene yabayidwa mankhwala ena ochepetsa ululu. Kodi pali wina amene anataya ng'ombe yakufa chapafupi pano?"

Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti sitikudziwa, koma achimwene anandiyambirira.

"Palibe anataya, mayi. Ndinaipatsa ndine."

Anafotokoza zonse, kuyambira chidindo mpaka malata. Za ine sanatchule. Ndinati, "Mpeni unali wanga, chiwindi ndinachotsa ndine," koma palibe anandiyang'ana. Mayi uja anakhala pa ndowa yovundikira, nkhope atagwira m'manja. Ndinkayembekeza kuti akalipa, ndipo ndikanakonda akanakalipa. Koma anangoti:

"Za mankhwalawa ndinkazidziwa. Sindinakuuzeni chifukwa ndinaona kuti kuno nyama yokanidwa mumatentha. Ndinakuuzani za poizoni, za mawaya, za mitengo. Ichi chokha ndinachisiya."

"Mukanandiuza ndikanamva," anatero achimwene. Sananene mokwiya. Anangonena ngati munthu amene akuwerenga chikwangwani.

Tinaitentha mung'anjo muja, isanu ndi inayi yonse, mayiyo atachotsa mphete. Woyatsa anali achimwene, poti ndiyo ntchito yawo.

Loweruka m'mawa ndinapita kunyumba kwawo kusanatenthe. Ndinawapeza atavala ovolosi yochapa, akupukuta jombo. Mlamu anali ataima pakhomo, maso ali ofiira.

"Auzeni inu mwina akumverani," anandiuza. "Akuti akupita. Akukachita chiyani? Kukadzionetsa kuti anthu awaseke?"

"Achimwene," ndinatero, "ngati mukupitadi, kanene kuti ndi poizoni wa anthu a kuseri kwa mpanda. Ndani angatsutse? Si iwo anapha makumi atatu enawo? Inu mwapha isanu ndi inayi mwangozi, iwo anapha dala. Bwana akamva za chidindo chofiira ntchito ithera pomwepo."

"Ndikanena poizoni, wa ng'ombe uja apitiriza kubaya jakisoni," anayankha. "Kwina kuliko miimba. Si kuno kokha."

Ndinawatukwana mumtima, koma ndinawatsatira.

Titakhota pa ngodya ya msewu wathu, tinaona khamu. Anthu anali atadzaza kuyambira pageti mpaka pamalo okwerera basi. Panali mabasi awiri a sukulu, aphunzitsi akuika ana pamzere. Panali azibambo a makamera, amayi obereka ana, ometa tsitsi aja, ngakhale anthu a m'nyumba za kuseri kwa mpanda, omwe aja otseka zitseko. Wina anali atajambula muimba pa katoni n'kulemba kuti tiiteteze. Atawaona achimwene anayamba kuomba m'manja.

Ine ndinapsa mtima. Zaka zisanu munthu akukugogoderani, kukupemphani, inu kumuseka. Munali kuti pamene inali makumi anayi? Munali kuti mwezi watha? Munadikira kuti nyuzipepala ikuuzeni kuti mbalame ndi yokongola? Mukanabwera khumi okha chaka chatha, achimwene sakanasowa mtengo wogwira mpaka kukhudza nyama ya chidindo chofiira. Ndinkafuna kukuwa zimenezi, koma ndinakumbukira kuti mpeni unali wanga, ndipo ndinatseka pakamwa.

Bwana anatsegula geti lakumbuyo akumwetulira, poti anali asanamve kanthu. Anthu anazungulira dzenje, ena atagwira mphuno, onse maso ali kumwamba. Kumwambako kunali mbee. Achimwene anakwera pa sitepe ya thanki, navula chipewa.

Analankhula mawu ochepa. Anati miimba inali khumi ndi umodzi. Anati Lachiwiri anaipatsa nyama ya ng'ombe yobayidwa jakisoni wochepetsa ululu, imene analamulidwa kuti atenthe, chifukwa ankafuna kuti chithunzi chikongole ndipo anthu abwere. Anati isanu ndi inayi yafa, iwiri sakudziwa kumene ili. Anapempha kuti amene ali ndi ng'ombe, kapena ali ndi m'bale woweta, akamuuze kuti ng'ombe yobayidwa mankhwala ikafa aziikwirira mozama kapena kuitentha, asamaitaye poyera.

Palibe anaomba m'manja, palibenso anawatukwana. Bwana nkhope inasintha, anatembenuka n'kulowa mu ofesi. Aphunzitsi anayamba kubweza ana kumabasi. Wa katoni uja anaitsitsa n'kuipinda pakati. Anthu ankachoka pang'onopang'ono, ena akuyang'anabe kumwamba ngati mwina achimwene amanama.

Mayi wina wachikulire, amene anafika mochedwa ndipo anaima kumbuyo kwenikweni, sanamve bwino. Anadutsa pakati pa anthu otulukawo, atagwira ambulera, mpaka anafika pa sitepe ya thanki.

"Pepani bambo, ine ndachokera kutali, ndakwera mabasi awiri. Chibadwire sindinauonepo muimba pafupi. Akuti lero sizibwera mbalamezo? Ndiye tibwerenso liti?"

Achimwene anatsika pa sitepe, chipewa chili m'manja.

"Musabwerenso, mayi," anatero. "Mungovutika ulendo. Kuno yatha."